Momwe mungalembere mbiri ya agogo amene anakhalitsa: chitsanzo cha a Jimmy Carter

Pamaliro ambiri, mbiri ya malemu imalembedwa usiku wochezera, pa pepala long'ambidwa m'kope la mwana wasukulu, anthu atatopa ndi kulira. Kukacha wina amaimirira n'kuwerenga kuti malemu anabadwa chaka chakuti, anabatizidwa mumpingo wakuti, anayamba kudwala mwezi wakuti, asiya ana ndi zidzukulu zakuti. Munthu amene wakhala zaka 90 kapena 100, amene analima minda yodyetsa mbumba yonse, amene anavala yunifomu ya usilikali ali mnyamata, amathera m'mizere yochepa, ndipo theka la mizereyo limanena za matenda a miyezi yomaliza. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa zimene sizinalowe papepalalo zimalowa m'manda limodzi ndi mwini wake.

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuwalembera agogo ake mbiri yowayenera. Ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha a Jimmy Carter, amene anamwalira pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 100. Dziko limawadziwa ngati pulezidenti wa nambala 39 wa America, koma pampandopo anakhalapo zaka zinayi zokha, kuyambira 1977 mpaka 1981. Analinso mlimi wa mtedza wa ku Plains m'chigawo cha Georgia, msilikali wa pamadzi, ndiponso mutu wa banja, ndipo mwambo wa maliro awo unakonzedwa mwakuti mbali zonsezi zioneke. Njira yomweyo ingagwire ntchito kwa agogo amene sanatulukepo m'boma lawo.

1. Yambani eni ake akadali moyo

Munthu akakhalitsa amaika m'manda pafupifupi onse amene anamudziwa ali mnyamata. Pamwambo wa maliro a a Carter ku Washington National Cathedral pa 9 Januwale 2025, panawerengedwa mawu a anthu awiri amene anali atamwalira kale. A Gerald Ford, amene anapikisana nawo pachisankho cha 1976 n'kudzasanduka bwenzi lawo, anamwalira mu 2006, koma anasiya atalemba mawu otsanzikana nawo, ndipo mwana wawo ndiye anawerenga. A Walter Mondale, amene anali wachiwiri wawo, anamwalira mu 2021, nawonso anasiya atalemba. Akanati adikire tsiku la maliro, bwenzi mboni ziwirizi palibe.

Choncho lembani mayina a anthu oti muwafunse, ndipo muyambe ndi wamkulu kwambiri kapena wofooka kwambiri, ngakhale akhale kutali. Agogo eni akewo ndiye oyamba. Kenako akazi awo, alongo awo, ankhoswe ngati akadalipo, mnzawo wa ku usilikali, ndi munthu amene anachita naye malire a munda.

Ndikudziwa kuti kufunsa munthu wamkulu mbiri yake kumamveka ngati mukumulosera imfa. Za maliro musazitchule n'komwe. Auzeni kuti mukufuna ana anu adzadziwe kumene anachokera, zomwe ndi zoona ndithu. Pitani m'mawa asanatope, ndipo musapite chimanjamanja. Pemphani chilolezo chojambula mawu pa foni, yambani ndi kutchula tsiku, malo ndi dzina la amene akulankhula, kenako ikani foniyo pamphasa pafupi nawo n'kuisiya. Ola limodzi n'lokwanira. Zotsala mudzabwerere tsiku lina.

Funso lakuti "Agogo, tandiuzeni mbiri yanu" silibala kanthu. Mudzayankhidwa kuti "Tinavutika, mwana wanga," basi nkhani yatha. Funsani zing'onozing'ono. Nsapato zoyamba munazivala liti, anakugulirani ndani? Tsiku lopita ku usilikali anakuperekezani ndani? Ng'ombe yoyamba munaipeza bwanji? Akapatuka n'kuyamba nkhani ina musawadule, nthawi zambiri nkhani yabwino imakhala kumene apatukirako.

Agogo aakazi muwafunse paokha, amuna awo palibe. Nkhani imodzi imamveka mosiyana kuchokera kwa iwo. Mwachitsanzo, bambo awo atamwalira ndi khansa mu Julayi 1953, a Carter anaganiza zosiya usilikali n'kubwerera kumudzi kukasamala munda ndi bizinesi ya banja. Mukamva mbali ya mwamuna yekha, ndi nkhani ya mwana amene wamvera kuitana kwa kwawo. Koma akazi awo, mayi Rosalynn, sanabise kuti iwo sanafune kubwerera ku Plains. Moyo wa ku usilikali unawapatsa ufulu wawo kutali ndi apongozi, amuna awo anapanga chiganizocho osawafunsa, ndipo paulendo wautali wa pagalimoto wobwerera ku Georgia sankafuna n'komwe kuwalankhula. Mbali imeneyi ndi imene imakuonetsani mtengo wa chiganizocho.

2. Sonkhanitsani mapepala, kenako kolani zaka

Pemphani kuti akutsegulireni sutikesi kapena chikwama chimene amasungiramo zinthu zawo. Mukufuna kalata ya ubatizo kapena ya mpingo, mtchatho wa ukwati, buku kapena kalata yopumira usilikali, mapepala a penshoni, chiphaso cha ulendo ngati anapitapo ku Joni kapena ku Salisbury, malisiti akale ogulitsira mbewu, ndi zithunzi. Jambulani chilichonse ndi foni mbali zonse ziwiri, panja pamthunzi pomwe pali kuwala kokwanira, n'kubwezera momwe munachipezera. Musatenge pepala lenilenilo kupita nalo kutauni. Kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo mayina a anthu amene alipo, agogowo akukuuzani, chifukwa iwo akapita palibenso adzazindikire nkhope zimenezo.

Chaka chobadwa ndiye chimavuta. Cha a Carter n'chosavuta: anabadwa pa 1 Okutobala 1924, m'chipatala momwe mayi awo a Lillian ankagwira ntchito ya unamwino. Agogo athu ambiri anabadwira m'nyumba popanda wolemba, ndipo chaka chimene chili pa chitupa cha unzika chingakhale choyerekeza chabe. Njira yake ndi kukola moyo wawo pa zochitika zodziwika. Ku Malawi kuli Napolo wa ku Zomba wa 1946, njala ya 1949, kuyamba kuyenda kwa Ilala mu 1951, Chitaganya cha 1953, zipolowe za 1959, ufulu wa 1964, ndi kubwera kwa kwacha m'malo mwa paundi mu 1971. Funsani kuti, "Pa njala ya '49 munali wamkulu bwanji? Munali mutayamba kuweta mbuzi? Munali mutavinidwa?" Mayankho awiri kapena atatu otere amakufikitsani pafupi. Kaundula wa ubatizo ku mishoni kapena ku parishi angathandizenso, bola mukumbukire kuti ambiri ankabatizidwa atakula.

Mukalephera kutsimikiza, lembani kuti "cha m'ma 1931". Musawonjezere zaka kuti zifike 100. Mbiri ikanama pamzere woyamba, akuluakulu amene akudziwa zoona amasiya kumvetsera yonse.

3. Lowani m'munda

Apa ndi pamene mbiri zambiri zimalephera. Timangolemba kuti "anali mlimi wolimbikira" n'kupitirira, pamene munthuyo anathera zaka 60 kapena 70 m'mundamo. Kunena zoona, gawo limeneli liyenera kukhala lalitali kuposa onse.

Taonani zimene zimadziwika za ulimi wa a Carter. Anakulira pa famu ya bambo awo ku Archery, pafupi ndi Plains, m'nyumba imene inalibe magetsi mpaka 1938. Pafamupo ankalima mtedza, thonje, chimanga ndi nzimbe, ndipo belu linkalira kusanache kudzutsa anthu kuti apite kumunda. Ali kamnyamata ankayenda wapansi kukagulitsa mtedza wophika m'misewu ya ku Plains. Anansi awo ambiri anali mabanja a anthu akuda olima pa malo a eni ake, m'nthawi ya malamulo a tsankho. Atabwerera mu 1953 ndi akazi awo ndi ana atatu, anayamba akhala m'nyumba za boma zothandizira anthu opeza movutikira. Mu 1954 kunagwa chilala, alimi amene anatenga feteleza pangongole kwa iwo analephera kubweza, ndipo phindu la chaka chonse silinafike madola 200. Kenako anayamba kulima ndi kugulitsa mtedza wa mbewu, mayi Rosalynn akusunga mabuku a ndalama, mpaka bizinesiyo inaima. Bungwe la azungu lolimbikitsa tsankho, la White Citizens' Council, litafika m'deralo, iwo anakana kulowamo, ndipo ena anasiya kugula kwa iwo.

M'ndime imeneyi mulibe mawu akuti "wolimbikira" kapena "wolimba mtima", koma mwamuona munthuyo. Zimenezi ndi zimene mukufuna kwa agogo anu.

Pitani nawo kumunda ngati akutha kuyenda, apo ayi pitani ndi mwana wawo wamkulu. Funsani kuti mundawo anaupeza bwanji: anapatsidwa ndi amfumu, ndi wa kuchikamwini, kapena anachita kuswa mphanje? Malire ake ndi ati, ndipo mitengo imene ilimo anabzala ndani? Ankalima chiyani poyamba, nanga anasintha liti, chifukwa chiyani? Ngati ndi mtedza, unali chalimbana kapena mbewu zatsopanozi? Ngati ndi fodya, anali wa chikopa kapena bale, ndipo ankagulitsa kuti? ADMARC inayamba mu 1971, choncho akanena kuti anagulitsa kumeneko, mwapezanso chokolerapo chaka. Funsani chaka chimene anakolola kwambiri ndi chimene anagula ndi ndalamazo, kaya malata, njinga, wailesi, ngolo kapena fizi ya mwana. Funsaninso chaka chimene nkhokwe inakhala yopanda kanthu, ndi zimene banja linadya kuti lipulumuke. Anawathandiza ndani chaka chimenecho? Dzina la munthu ameneyo lilowe m'mbiri, chifukwa zidzukulu zake mwina zidzakhalapo pamaliro.

Palinso nzeru zimene sizinalembedwe paliponse: momwe ankadziwira kuti mvula yobzalira yafika, momwe ankasankhira ndi kusungira mbewu, mankhwala amene ankapatsa ng'ombe ikatupa mimba. Izi zilembeni m'mawu awo enieni osazikonza. Ngati akusungabe mbewu yamakolo, pemphaniko pang'ono mubzale.

4. Za usilikali: lembani zenizeni zokhazokha

Mabanja amakonda kukweza msilikali wawo. Kopolo amasanduka kaputeni, ndipo amene anali ku sitolo ya zida amasanduka womenya nkhondo patsogolo. Palibe chifukwa chochitira zimenezi, ndipo anzawo a ku usilikali akakhalapo amazimva nthawi yomweyo.

A Carter sanamenye nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Pamene inkatha anali akadali pasukulu ya asilikali a pamadzi ku Annapolis, ndipo anamaliza mu Juni 1946. Chidwi chawo chinayambira kwa amalume awo, amene anali msilikali wa pamadzi ndipo ankawatumizira makalata kuchokera kumadoko akutali. Anagwira ntchito m'sitima zoyenda pansi pa madzi, kenako anasankhidwa kulowa gulu la a Hyman Rickover, mkulu wa asilikali a pamadzi, limene linkakonza sitima zoyendera mphamvu ya nyukiliya. Makina a nyukiliya atawonongeka ku Chalk River m'dziko la Canada mu Disembala 1952, iwo anatsogolera kagulu kamene kanakathandiza kuwaphwasula. Poizoni wake anali woopsa moti munthu ankaloledwa kukhala m'katimo masekondi 90 okha, choncho ankayamba ayeserera pa chifanizo cha makinawo kuti aliyense adziwe bawuti yake. Anachoka ku usilikali mu 1953 ali pa udindo wa lefutenanti. Mbiri imeneyi ndi yolemera kale popanda kuwonjezerapo chipolopolo ngakhale chimodzi.

Kwa agogo anu, pezani zinthu izi: nambala yawo ya usilikali, gulu limene anali, chaka cholowa ndi chotuluka, udindo umene anapumira, ndi malo amene anatumizidwa. Nambala ndiyo yofunika kwambiri, ndipo asilikali akale ambiri amaikumbukira ngakhale ataiwala zina. Ngati ali ndi mamendulo, yang'anani m'mphepete ndi kuseri, ena amakhala ndi nambala ndi dzina. Amene anabadwa nthawi imodzi ndi a Carter angakhale kuti anali a King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, amene anamenya nkhondo ku Abyssinia (Ethiopia ya lero), ku Madagascar ndi ku Burma. Ocheperapo msinkhu anapita ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, ena analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo asilikali a pamadzi a ku Malawi likulu lawo lili ku Monkey Bay. Musasokoneze msilikali wa pamadzi ndi munthu amene ankagwira ntchito pa Ilala kapena sitima zina za apaulendo. Zonse ndi ntchito zolemekezeka, koma si chinthu chimodzi. Mukafuna kutsimikiza zina, yambirani kwa asilikali anzawo opuma ndi ku National Archives ku Zomba, mutatenga nambala ija.

Pali zina zimene msilikali safuna kukamba. Akakhala chete kapena kusintha nkhani, asiyeni. Funsani za chakudya cha ku bareki, nyimbo zoguba, anzawo, ndi tsiku lobwerera: anatsikira pati, anabwera ndi chiyani m'sutikesi, kumudzi anapeza ndani atamwalira. Kubwerera kumeneko ndi kumene kumalumikiza msilikali ndi mlimi, ndipo kuyenera kukhala pakati pa mbiriyo.

5. Werengani mbumba molondola

Tengani pepala lalikulu, lembani ana onse motsatira kubadwa, pansi pa aliyense zidzukulu, pansi pake zidzukulutudzi. Muchite zimenezi ndi amayi awiri kapena atatu a m'banjamo, iwo ndi amene salakwitsa. Omwalira alembedwenso, ngakhale amene anamwalira ali makanda. A Carter ndi mayi Rosalynn anakwatirana pa 7 Julayi 1946 ndipo anakhala m'banja zaka 77 mpaka mayiwo anamwalira pa 19 Novembala 2023. Anabereka ana anayi. Pomwalira anasiya zidzukulu 11 ndi zidzukulutudzi 14, koma mdzukulu mmodzi anali atatsogola kale mu 2015. Mukangonena chiwerengero cha amoyo okha, mayi wa mwana womwalirayo amamva kuti mwana wake wafufutidwa. Nenani kuti "anali ndi zidzukulu 12, zamoyo ndi 11."

Musaiwale amene analeredwa pakhomopo osabadwirapo: ana a alongo awo, amasiye, mwana wa mnzawo amene ankakhala nawo kuti ayandikire sukulu. Mutu wa banja amadziwika ndi anthu amene anadya pakhomo pake. Lembaninso mfunda wawo, mudzi wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, ndi amfumu a midzi yonse iwiri.

6. Gwirizanani za nkhani zovuta musanalembe

Zaka 90 sizikhala zoyera zokhazokha. Pangakhale mkazi woyamba amene anasiyidwa, mwana wa kunja, zaka za mowa, mkangano wa malo, kapena nthawi imene agogo anasowa ku Joni osatumiza kalata. Zimenezi si za wolemba yekha kugamula. Khalani pansi ndi mwini mbumba ndi ana akuluakulu, mugwirizane zimene zinenedwe pagulu ndi zimene zisungidwe m'mbiri ya banja lokha.

Maganizo anga ndi akuti mwana aliyense atchulidwe, kaya anabadwa kwa mayi uti, chifukwa iye sanalakwe. Mkangano umene ukadali kwa amfumu kapena kukhoti usatchulidwe pamanda. Koma kugwa kumene munthu anadzukapo musakubise. A Carter anagonja pachisankho cha 1980 kwa a Ronald Reagan, ndipo atabwerera ku Plains anapeza bizinesi yawo ya mtedza ili ndi ngongole yoposa madola miliyoni imodzi, moti anaigulitsa. Anali ndi zaka 56. Mu 1982 iwo ndi akazi awo anayambitsa bungwe la Carter Center, limene linalimbana ndi matenda a nyongolotsi ya Guinea worm mpaka odwala anatsika kuchoka pa 3.5 miliyoni mu 1986 kufika pa 14 okha mu 2023. Anakaonerera zisankho m'mayiko ambiri, kuphatikizapo cha ku Zambia cha 1991, ndipo analandira mphotho ya mtendere ya Nobel mu 2002. Mukachotsa kugonja kuja, zaka 40 zotsatirazo sizimvekanso bwino kumene zinachokera.

Za matenda nenani mwachidule. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ndi kuthokoza amene anadwazika.

7. Lembani mbiri ziwiri

Yoyamba ndi yaifupi, yowerenga pagulu, yosapitirira mphindi zisanu ndi ziwiri, pafupifupi masamba awiri olembedwa pamanja. Pamaliro olankhula amakhala ambiri, akubanja, amfumu, ampingo, ndipo dzuwa silidikira. Yambani ndi dzina lonse, mfunda, makolo ndi kwawo. Tsatirani zaka mwadongosolo lake kuti omvera asasochere. Pa mbali iliyonse, munda, usilikali ndi banja, sankhani nkhani imodzi yokha imene munthu angaione m'maso, ndipo zina zonse zipite m'mbiri yachiwiri.

Posankha nkhaniyo, yang'anani kanthu kamene am'nyumba okha ndi amene akukadziwa. Mdzukulu wa a Carter, Jason, polankhula pamaso pa atsogoleri a mayiko, anakamba za nyumba ya agogo ake ku Plains, imene anamanga mu 1961 n'kukhalamo mpaka imfa: foni ya chingwe yokhomedwa kukhoma, ndi kathandala kamene ankayanikapo timapepala tapulasitiki tosungiramo chakudya atatitsuka kuti atigwiritsenso ntchito. Anthu anaseka m'tchalitchimo, ndipo aliyense anamva kuti awa anali anthu osawononga chinthu. Agogo anu alinso ndi kanthu kotere. Mwina ndi khasu limene sankalola munthu wina kuligwira, kapena nsapato zimene ankapolisha Lamlungu lililonse ngati kukubwera mkulu wa asilikali, kapena mawu amene ankadzutsira ana m'mamawa. Ngati pali mawu amene ankakonda kunena, aikeni momwe ankawanenera, m'chilankhulo chawo, kaya Chiyao, Chilomwe, Chitumbuka kapena Chisena.

Za mpingo zilowe monga ntchito imene ankagwira, osati mayina a maudindo okha. A Carter anaphunzitsa Sande sukulu ku Maranatha Baptist Church kwa zaka zambiri, mpaka atapitirira zaka 90. Ngati agogo anu ndi amene ankaliza belu, kapena anaumba nawo njerwa za tchalitchi kapena mzikiti, nenani zimenezo.

Mbiri yachiwiri ndi yaitali, ya banja. Ilibe malire a masamba. Muikemo zonse zimene munamva, mawu a agogo eni ake, mtengo wa mbumba uja, zithunzi ndi mayina ake, ndi mapu a munda ojambula pamanja. Pamene anthu awiri anasiyana pofotokoza, lembani mbali zonse ziwiri ndi kutchula amene ananena. Musasankhe imodzi mwakachetechete.

8. Iwerengeni mokweza, ndipo sankhani wowerenga

Ngati agogo ali moyo, awerengereni yaitaliyo iwo eni, adzakukonzani pamene simumayembekezera. Ngati atisiya, werengerani akuluakulu awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, tsiku la mwambo lisanafike. Onetsetsani mayina a midzi ndi a anthu. Wowerenga akhale munthu wa mawu omveka amene angathe kudzigwira, ndipo pakhale wina pambali pake ndi pepala lachiwiri woti apitirize ngati misozi yamugonjetsa. Lembani zilembo zikuluzikulu, mizere yotalikirana.

Ganiziraninso malo ndi zinthu, chifukwa nazonso zimafotokoza mbiri. Pa 4 Januwale 2025, galimoto yonyamula thupi la a Carter inaima kaye pa famu ya ku Archery, ndipo belu lija la pafamu linalizidwa ka 39. Ku Washington bokosi linasamutsidwira pa ngolo yokokedwa ndi akavalo pa chipilala chokumbukira asilikali a pamadzi. Pomaliza anabwerera nalo ku Plains n'kukaliika pafupi ndi mayi Rosalynn, pakhomo pawo pomwepo. Inu mungachite zofanana ndi zimenezi pa mlingo wanu, mutagwirizana ndi amfumu, adzukulu ndi ampingo: kudutsitsa maliro m'mbali mwa munda wawo ngati njira ilola, kapena kuika mamendulo ndi chithunzi chawo cha yunifomu patebulo pamene anthu angaone. Ngati anali msilikali wopuma, dziwitsani anzawo ndi akuluakulu a asilikali msanga, musadikire tsiku loika.

9. Sungani, gawani, ndipo samalani polemba pa chiliza

Foni imatayika, imabedwa, imagwera m'madzi. Mawu amene munajambula muwatumize kwa abale osachepera atatu okhala malo osiyana, ndipo muwasungenso pa kompyuta kapena pa imelo. Gulu la banja la pa WhatsApp n'labwino pogawana, koma si posungira, chifukwa anthu amafufuta zinthu foni ikadzadza. Mbiri yaitali ija isindikizidwe, nyumba ya mwana aliyense ilandire yake, kuphatikizapo amene ali ku South Africa kapena ku Britain. Mapepala enieni, mamendulo ndi zithunzi zikhale ndi munthu mmodzi amene banja lagwirizana, m'chikwama chapulasitiki m'kati mwa sutikesi ya chitsulo, pamalo okwera kutali ndi chiswe ndi chinyezi. Dzina la wosungayo lilembedwe m'mbirimo kuti pasadzakhale kulozana zala.

Nthawi yomanga chiliza ikafika, tengani mayina ndi zaka kuchokera m'mbiri imene munatsimikiza ija, osati pa pulogalamu ya maliro imene inalembedwa mothamanga. Mulembereni mmisiri papepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo mupite mukaone zimene walemba pamwala asanayambe kugoba. Pamwambo wovundukula chiliza nthawi imakhalapo yambiri kusiyana ndi pamaliro, choncho werengani zigawo za mbiri yaitali, ndipo mupemphe amene abwera kuti awonjezere zimene akudziwa. Pakhale mdzukulu mmodzi wa kope ndi cholembera, wina wa foni yodzadza moto, ndipo kumapeto kwa mbiriyo musiye masamba angapo opanda kanthu oti mulembepo zimenezo pamodzi ndi mayina a ana amene abadwa agogo atapita.